Mafunso ndi mayankho: momwe boma lolamulira chilichonse limagwirira aluso ndi atolankhani

Kodi boma lolamulira chilichonse ndi lotani, ndipo limasiyana bwanji ndi boma lankhanza wamba?

Maboma ankhanza akhala ambiri m'mbiri ya dziko lapansi, koma si onse amene amafuna zinthu zofanana kwa nzika zawo. Wolamulira wankhanza wamba amakhutira anthu akangokhala chete, moti mlakatuli atha kulemba za chikondi, woimba n'kuimba za mvula, wojambula n'kujambula mapiri, malinga ngati palibe amene akugwedeza mpando wa mtsogoleriyo. Boma lolamulira chilichonse, limene mabuku a ndale amalitchula ndi mawu akuti totalitarian, silikhutira ndi kukhala chete kwa anthu. Limafuna kuti aliyense alankhule, koma alankhule zimene chipani chakonza, ndipo amene wasankha kulemba za mapiri pa nthawi imene anzake akutamanda mtsogoleri amafunsidwa chifukwa chake. Mawuwa anayambira ku Italy m'zaka za m'ma 1920, pamene otsutsa Benito Mussolini anawagwiritsa ntchito pomudzudzula, iye n'kuwatenga kukhala onyadira. Zitsanzo zimene akatswiri a mbiri amazitchula kawirikawiri ndi Germany ya Adolf Hitler, Soviet Union makamaka m'nthawi ya Joseph Stalin, China ya Mao Zedong ndiponso North Korea.

N'chifukwa chiyani boma lokhala ndi asilikali ndi ndende limatekeseka ndi ndakatulo kapena chithunzi?

Mfuti imachititsa munthu mantha, koma simuuza chimene ayenera kukhulupirira. Boma lotere limanena kuti lili ndi yankho limodzi lolondola pa mbiri, pa chuma, pa sayansi ndi pa khalidwe, ndiye munthu aliyense amene akufotokoza moyo mwa njira ina, ngakhale asatchule ndale, akuonetsa kuti yankho lina lilipo. Chachiwiri n'chakuti luso limakumanitsa anthu. Munthu amene akukayika mumtima mwake payekha amaganiza kuti mwina vuto ndi iyeyo, koma akamva holo yonse ikuseka pa mawu amodzi a sewero amadziwa kuti okayika ndi ambiri, ndipo kudziwa kumeneku ndi kumene boma limakuopa kuposa mawu a sewerowo. Stalin anaitana alembi kunyumba ya Maxim Gorky mu 1932 n'kuwatcha akatswiri oumba mitima ya anthu, ndipo Mao, polankhula kwa aluso ku Yan'an mu Meyi 1942, ananenetsa kuti luso liyenera kutumikira ndale. Atsogoleri amenewa sankanyoza luso ayi. Ankalilemekeza mwa njira yoopsa, ngati chida chimene sichiyenera kugwera m'manja mwa wina.

Kodi ulamuliro umenewu umayendetsedwa bwanji tsiku ndi tsiku?

Anthu ambiri akamva za nkhaniyi amaona m'maganizo mwawo munthu wokhala ndi cholembera chofiira akufufuta mizere m'buku. Munthu ameneyu analipodi, koma iye anali womaliza pa mndandanda wautali. Chida chachikulu chinali ntchito yeniyeniyo, ndiye kuti mphamvu yosankha amene aloledwe kudya kuchokera m'luso lake.

Ku Germany, Hitler atangolowa m'boma anakhazikitsa unduna wofalitsa nkhani zokopa anthu mu Malichi 1933 n'kuupereka kwa Joseph Goebbels. Mu Seputembala chaka chomwecho panakhazikitsidwa bungwe lotchedwa Reichskulturkammer, lokhala ndi nthambi 7: ya nyimbo, ya zojambula ndi zosema, ya zisudzo, ya mabuku, ya nyuzipepala, ya wailesi ndi ya mafilimu. Munthu wosakhala membala wa nthambi yomuyenera sankaloledwa kugwira ntchito yake, kaya ndi woimba wotchuka kaya wogulitsa mabuku. Motero boma silinkafunikira kuweruza buku lililonse la Myuda kapena la wotsutsa, chifukwa kungomumana umembala kunali kokwanira kuti asaonekenso.

Ku Soviet Union njira inali yofanana, koma inazika mizu kwambiri chifukwa boma ndilo linali mwini wa makina osindikizira, mapepala, maholo, nyumba zojambulira mafilimu ndi masitolo a mabuku. Pa 23 Epulo 1932 chipani chinathetsa magulu onse a alembi amene ankadziyendetsa okha, n'kulamula kuti pakhale bungwe limodzi la alembi a dziko lonse, limene linachita msonkhano wake waukulu woyamba mu Ogasiti 1934. Oimba ndi ojambula nawo anaikidwa m'mabungwe awo. Membala ankapeza nyumba, chithandizo cha kuchipatala, malo opumulirako ndi malipiro, ndipo ena okondedwa ankapatsidwa nyumba zolemberamo ku Peredelkino, kunja kwa Moscow. Wochotsedwa ankataya zonsezi tsiku limodzi. Popeza kusagwira ntchito yodziwika ndi boma unali mlandu, zinatheka kuti mu 1964 mlakatuli Joseph Brodsky aimbidwe mlandu wokhala mlesi wodyera thukuta la anzake, ngakhale kuti ankalemba ndi kumasulira ndakatulo, chifukwa m'maso mwa khoti munthu wopanda umembala sanali mlakatuli.

Zinthu zikafika pamenepa, wofufuta wamkulu amakhala mlembi mwiniwake. Asanalembe chiganizo amaganizira za mkonzi, mkonzi amaganizira za wounika, wounika amaganizira za mkulu wa chipani, ndipo aliyense amachotsako pang'ono kuposa mmene akanalamulidwira, pofuna kudziteteza. Mabuku ambiri amene maulamuliro amenewa anawononga sanaletsedwe n'komwe, chifukwa sanalembedwe.

Nanga atolankhani ankauzidwa bwanji zolemba?

Ankauzidwa mwachindunji, nthawi zambiri tsiku lililonse. Ku Berlin unduna wa Goebbels unkachititsa msonkhano wa atolankhani tsiku ndi tsiku, kumene ankauzidwa nkhani yoika patsogolo, yoikankhira mkati ndi yosaitchula, ndipo lamulo la akonzi la pa 4 Okutobala 1933 linachititsa kuti mtolankhani akhale m'kaundula wa boma ndiponso kuti mkonzi aziyankha yekha pa chilichonse chotuluka m'nyuzipepala yake. Ku Italy malangizo otere ankafika m'maofesi a nyuzipepala pa timapepala topyapyala totchedwa veline, ndipo mwa zina ankalamula kuti nkhani zaumbanda zichepetsedwe, kuti dziko lioneke ngati labata pansi pa Mussolini.

Ku Soviet Union ofesi younika zosindikiza, Glavlit, inakhazikitsidwa mu 1922, ndipo palibe wosindikiza amene ankaloledwa kuyendetsa makina popanda chidindo chake. Ofesiyi inali ndi buku lachinsinsi lotchula nkhani zoletsedwa, limene silinkangokhudza za asilikali zokha koma ngakhale ngozi zikuluzikulu, miliri ndi ziwerengero za umbanda. Kutchula kuti ofesi younikayo ilipo kunalinso koletsedwa. Dziko linadziwa bwino mmene malangizo otere amaonekera mu 1977, pamene Tomasz Strzyżewski, amene ankagwira ntchito younika ku Kraków m'dziko la Poland, anathawira ku Sweden ndi malangizo amene anakopera mobisa. M'menemo munali lamulo loti pasalembedwe kuti akuluakulu a asilikali a Poland amene anaphedwa ku Katyn anaphedwa ndi Soviet Union, komanso lina loti pasatchulidwe nyama imene dzikolo linkagulitsa ku Soviet Union pamene anthu ake ankaima pa mizere m'masitolo. Mndandanda wa zoletsedwa umasonyeza bwino zimene boma likudziwa kuti zikulakwika.

Kodi zinthu zosafunika zinkangowotchedwa?

Moto ndi umene anthu amaukumbukira. Usiku wa pa 10 Meyi 1933 ophunzira a m'mayunivesite a ku Germany anawotcha mabuku m'mizinda yambiri, ndipo ku Berlin, kumene Goebbels analankhula pamwambowo, mabuku pafupifupi 20,000 anapsa. Komabe kuwotcha kunali chionetsero chabe, ndipo ntchito yeniyeni inkachitika mwakachetechete m'malaibulale ndi m'nyumba zosungira zojambula. Mu Julayi 1937 boma linatsegula ku Munich chionetsero cha zithunzi ndi zosema pafupifupi 650 zolandidwa, zimene linazitcha luso lowola, n'kuzipachika mothithikana ndi mawu achipongwe m'makoma kuti anthu aziseke. Anthu oposa 2 miliyoni anapita kukaziona, kuposa kutali amene anapita kuchionetsero cha luso lovomerezeka chimene chinali pafupi pomwepo, ndipo palibe angatsimikize kuti ndi angati anapita kukaseka, ndi angati anapita kukatsanzikana nazo.

Soviet Union inkakonda kubisa kuposa kuwotcha. Mabuku oletsedwa ankasungidwa m'zipinda zapadera za malaibulale, zotchedwa spetskhran, zimene munthu ankalowamo ndi chilolezo cholembedwa. Vuto linali lakuti mdani wa lero nthawi zambiri anali ngwazi ya dzulo, choncho mbiri inkayenera kukonzedwa mobwerezabwereza. Nikolai Yezhov, mkulu wa apolisi achinsinsi, ataphedwa anafufutidwa pa chithunzi chimene anaima pambali pa Stalin m'mphepete mwa ngalande ya madzi. Lavrentiy Beria, amene analowa m'malo mwa Yezhov, atagwa mu 1953, anthu amene ankalandira mabuku a insaikulopediya yaikulu ya boma anatumiziridwa masamba atsopano, okhala ndi nkhani yotalikitsidwa ya nyanja ya Bering, pamodzi ndi malangizo oti adule masamba onena za Beria n'kumata atsopanowo.

Kodi maboma amenewa ankafuna luso lotani?

Ankafuna luso losavuta kumva, lopatsa chiyembekezo ndiponso losasiya funso lopanda yankho. Ku Soviet Union njira yovomerezeka kuyambira 1934 inkatchedwa socialist realism, imene inkafuna kuti mlembi aonetse moyo osati mmene ulili lero, koma mmene chipani chikunenera kuti ukulowera. Munda wa boma umene uli ndi njala unkayenera kulembedwa ndi nkhokwe zodzadza, chifukwa kudzadza kwa mawa kunkawerengedwa ngati choonadi choposa njala ya lero. Ku China, m'zaka za chipwirikiti cha Cultural Revolution kuyambira 1966 mpaka 1976, Jiang Qing, mkazi wa Mao, anachotsa pafupifupi masewero onse akale, ndipo dziko la anthu mamiliyoni mazanamazana linatsala ndi masewero achitsanzo ochepa, poyamba 8 okha, amene ankabwerezedwa m'maholo, pa wailesi ndi m'mafilimu.

Goebbels anali wochenjera kuposa pamenepa, ndipo m'pofunika kuti owerenga adziwe zimenezi chifukwa zimasokoneza chithunzi chimene ambiri ali nacho. Mafilimu ambiri opangidwa mu ulamuliro wa Nazi, chipani cha Hitler, sanali a maguba ndi mbendera koma anthabwala, achikondi ndi anyimbo. Iye ankadziwa kuti munthu amene akulalikiridwa kosalekeza amatseka makutu, pamene amene akusangalatsidwa amaiwala kufunsa kumene anansi ake apita. Mu Novembala 1936 analetsanso kusuliza zaluso m'nyuzipepala, n'kulola kungofotokoza chabe, kuti pasakhale munthu wina woweruza ubwino wa ntchito kupatula boma.

Chinkachitika n'chiyani kwa amene aphonya mzere?

Chilango chinkayambira pa kudzudzulidwa m'nyuzipepala mpaka kuphedwa, ndipo choopsa kwambiri chinali chakuti mzerewo sunkakhala malo amodzi. Opera (sewero loimbidwa) ya wopeka nyimbo Dmitri Shostakovich inali itaonetsedwa kwa zaka pafupifupi ziwiri ikutamandidwa, koma Stalin atapita kukaionera mu Januwale 1936 n'kutuluka isanathe, nyuzipepala ya Pravda inatulutsa pa 28 Januwale nkhani yopanda dzina la wolemba yonena kuti imeneyi ndi phokoso osati nyimbo. Operayo inasowa m'maholo a dzikolo kwa zaka zoposa 25, ndipo amene anaitamanda dzulo lake anayamba kupepesa poyera. Osip Mandelstam anangolakatula ndakatulo yonyoza Stalin kwa anzake ochepa, osaisindikiza, koma anamangidwa mu 1934 ndipo anafera mu msasa wa akaidi pafupi ndi Vladivostok mu Disembala 1938. Mlembi Isaac Babel ndi katswiri wa zisudzo Vsevolod Meyerhold anawomberedwa kumayambiriro kwa 1940. Mu 1946 Andrei Zhdanov, mmodzi wa akuluakulu a chipani, anatukwana poyera mlakatuli Anna Akhmatova ndi mlembi Mikhail Zoshchenko, awiriwo n'kuchotsedwa m'bungwe la alembi, ndipo mu 1958 Boris Pasternak anakakamizidwa kukana mphotho ya Nobel.

Ku China msampha unali woonekeratu. Mu 1956 ndi 1957 Mao anapempha ophunzira ndi aluso kuti anene momasuka zofooka za chipani, ndipo atanena, anthu oposa 500,000 anatchedwa adani a kusintha, ambiri n'kuchotsedwa ntchito kapena kutumizidwa kukagwira ntchito yakalavulagaga. Mlembi Lao She, amene anatumikira boma mokhulupirika, anamenyedwa ndi achinyamata a Red Guards, magulu a ophunzira otsatira Mao, mu Ogasiti 1966 ndipo anapezeka atafa m'nyanja ina ya ku Beijing. Boma silinkafunikira kulanga onse, chifukwa otsalawo ankadziwa okha kuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Kodi tinganene kuti aluso onse anali ozunzidwa?

Ayi, ndipo kunena choncho kungakhale kuphimba mbali yaikulu ya nkhaniyi. Makalata odzudzula Pasternak anasainidwa ndi alembi anzake, ndipo mipando imene oimba achiyuda anachotsedwapo ku Germany inakhalidwa ndi oimba ena amene sanafunse mafunso. Ena ankakhulupiriradi, ena ankafuna nyumba ndi ulemu, ndipo ena ankangofuna kuti ana awo asakhale amasiye. Wopanga mafilimu Leni Riefenstahl anagwiritsa ntchito luso lake lonse pojambula msonkhano wa chipani cha Nazi wa ku Nuremberg wa 1934, ndipo mpaka imfa yake ankanena kuti iye anali wojambula chabe. Kukhulupirika nako sikunali chitetezo. Wojambula Emil Nolde anali membala wa chipani cha Nazi ndipo ankadana ndi Ayuda, komabe ntchito zake zoposa 1,000 zinalandidwa ndipo mu 1941 analetsedwa kugwira ntchito yake. Kuweruza anthu amenewa tili pa mtendere n'kosavuta, koma kusiyana kulipo ndithu pakati pa amene anakhala chete kuti apulumuke ndi amene anapereka dzina la mnzake kuti akwere.

Bwanji anthu sankangomvera wailesi zakunja?

Ambiri ankamvera, ndipo n'chifukwa chake maboma analimbana nazo. Germany inapanga wailesi yotsika mtengo yotchedwa Volksempfänger, imene mu 1933 inkagulitsidwa pa 76 Reichsmark, ndalama za Germany za nthawiyo, kuti mawu a Hitler alowe m'nyumba iliyonse, ndipo nkhondo itayamba mu Seputembala 1939 kumvera wailesi zakunja kunakhala mlandu wa ndende, pamene kufalitsa zimene wamvazo kunkatha kuphetsa munthu. Soviet Union inkagwiritsa ntchito makina amphamvu osokoneza mawu a BBC, Voice of America ndi Radio Liberty, ndipo inasiyiratu kutero kumapeto kwa 1988. East Germany inalephera pa nkhondo imeneyi, chifukwa madera ambiri a dzikolo ankagwira wailesi za kanema za ku West Germany usiku uliwonse.

Kodi panali njira zozembera?

Zinalipo, ngakhale kuti zinali zochedwa ndi zoika moyo pachiswe. Njira yoyamba inali kuloweza. Nadezhda Mandelstam anasunga ndakatulo za mwamuna wake m'mutu kwa zaka zambiri, ndipo Akhmatova ankalemba mizere pa kapepala, mnzake wodalirika n'kuiloweza, kenako kapepalako n'kukawotcha. Stalin atamwalira mu 1953 kunafala samizdat, kutanthauza kudzisindikizira wekha: munthu ankatayipa buku ndi mapepala a kaboni, n'kutulutsa makope anayi kapena asanu, ndipo aliyense wolandira ankayembekezeka kutayipanso. Mwa njira imeneyi kalata yofotokoza za omangidwa ndi milandu yawo inayamba kuzungulira mu 1968 ndipo inapitirira kwa zaka pafupifupi 15, ngakhale kuti okonza ake ankamangidwa mmodzimmodzi. Okonda nyimbo zoletsedwa ankazijambula pa zithunzi zakale za X-ray zotayidwa m'zipatala. Ku Romania boma la Nicolae Ceaușescu linaopa makina otayipira mpaka linalamula mu 1983 kuti eni ake aziwalembetsa kupolisi ndi kupereka chitsanzo cha zilembo zake.

Njira ina inali kuphiphiritsa. Mlembi ankalemba za mfumu yakale kapena za dziko lakutali, owerenga n'kumamva za lero, ndipo anthu anazolowera kuwerenga nyuzipepala pofufuza dzina limene lasowa ndi nkhani imene yafupikitsidwa. Ena amati kupanikizidwa kumeneku kunanola luso la alembi. Maganizo amenewa ndi okopa, koma amawerenga opulumuka okha.

Kodi anthu ankakhulupirira zimene ankauzidwa, ndipo boma linapindula?

Pa zinthu zakutali, zimene munthu sangazione ndi maso ake, ambiri ankakhulupirira, makamaka ngati nkhanizo zikugwirizana ndi chidani kapena mantha amene anali nawo kale. Pa zinthu zapafupi, monga mizere ya m'masitolo, bodza linkaonekera, koma linkagwirabe ntchito ina: munthu amene wawomba m'manja pa chinthu chimene akudziwa kuti si choona amadzichepsa yekha, ndipo sadziwa ngati woyandikana naye akuwomba mokhulupirira kapena mwamantha.

Mtengo wake unagweranso boma lenilenilo, chifukwa wakutsina khutu ndi mnansi, ndipo maboma amenewa anamanga otsina khutu onse. Kalembera wa anthu wa mu 1937 atapeza anthu pafupifupi 162 miliyoni, ochepa kuposa amene Stalin ankayembekezera njala ya 1932 ndi 1933 itadutsa, zotsatirazo zinabisidwa ndipo akuluakulu a kalemberayo anamangidwa, ena n'kuphedwa. Ku China nyuzipepala zinkalengeza zokolola zosatheka mu 1958, boma n'kumatenga chakudya kumidzi molingana ndi ziwerengero zabodzazo, ndipo nduna ya zachitetezo Peng Dehuai atalembera Mao kalata yochenjeza mu 1959 anachotsedwa pa udindo. Njala yotsatirayo inapha anthu mamiliyoni ambiri. Ngozi ya pamalo opangira magetsi a nyukiliya ku Chernobyl, ku Ukraine, inachitika pa 26 Epulo 1986, koma boma linatulutsa chilengezo chachidule madzulo a pa 28 Epulo, akatswiri a ku Sweden atazindikira kale poizoni wa nyukiliya mumpweya, ndipo pa 1 Meyi ana anaguba m'misewu ya Kyiv monga mwa chaka chilichonse. Lamulo lothetsa kuunika zosindikiza ku Soviet Union linayamba kugwira ntchito pa 1 Ogasiti 1990, dzikolo litatsala ndi chaka chimodzi ndi miyezi yochepa kuti lithe.

Kodi m'nthawi ya intaneti zimenezi n'zothekabe?

North Korea ikusonyeza kuti n'zotheka, malinga ngati boma lagwira zipangizo zenizenizo. Wailesi zogulitsidwa movomerezeka zimatsekedwa kuti zizigwira nyumba zoulutsira mawu za boma zokha, nkhani zimachokera ku bungwe la boma lofalitsa nkhani la KCNA ndi nyuzipepala ya chipani ya Rodong Sinmun, ndipo nzika wamba sizilowa pa intaneti koma pa netiweki ya mkati mwa dzikolo yotchedwa Kwangmyong. Zithunzi ndi ziboliboli za atsogoleri zimapangidwa ku Mansudae Art Studio ku Pyongyang, malo amene anapezeraponso boma ndalama zakunja, popeza ndi amene anamanga chipilala chachikulu cha African Renaissance ku Dakar chimene chinatsegulidwa mu 2010. Kim Jong-il, amene pambuyo pake anakhala mtsogoleri wa dzikolo, ankakonda mafilimu kwambiri moti mu 1978 anthu ake anaba wopanga mafilimu wa ku South Korea, Shin Sang-ok, ndi wochita zisudzo Choi Eun-hee kuti adzamupangire mafilimu, ndipo awiriwa anathawa mu 1986 ali ku Vienna.

Komabe mpanda umenewu uli ndi mipata. Mafilimu ndi nyimbo za ku South Korea zakhala zikulowa kudzera m'malire a China pa timakadi ndi tizipangizo ta USB tosavuta kubisa, ndipo zinafala mokwanira kuti mu Disembala 2020 boma likhazikitse lamulo latsopano lopereka zaka zambiri za ukaidi kwa oonera, ndi chilango chofika pa imfa kwa ofalitsa. Mu 2023 linawonjezera lamulo lina loteteza kalankhulidwe ka ku Pyongyang, lolanga achinyamata amene ayamba kulankhula ngati anthu a m'mafilimu a ku Seoul.